Kulemba Pempho la Ndalama za Kafukufuku: Mafunso ndi Mayankho

Awa ndi mafunso amene ofufuza amafunsa kawirikawiri akamakonza pempho la ndalama za kafukufuku, lija ambiri amangoti pulopozo. Malamulo a mabungwe opereka ndalama amasiyana ndipo amasinthasintha, choncho ziwerengero zimene tatchula pano muziyerekeze ndi chikalata choitanira mapempho chimene mukuyankha.

Kodi pempho langa amaliwerenga ndani?

Amaliwerenga wofufuza mnzanu, munthu amene ali ndi ntchito yakeyake ndipo wapatsidwa mulu wa mapempho oti awerenge usiku kapena kumapeto kwa sabata. Nthawi zambiri ndi anthu awiri kapena atatu okha amene amawerenga pempho lonse mozama. Ena onse a m'komiti amaona chidule ndi tsamba loyamba, amamvetsera zimene awiri atatu aja anena, kenako n'kupereka malikisi awo.

Ku National Institutes of Health, kapena NIH mwachidule, bungwe la boma la America lopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo, wounika aliyense amapereka nambala yoyambira pa 1 mpaka 9, ndipo 1 ndiye wapamwamba. Msonkhano wa komiti usanayambe, pafupifupi theka la mapempho kapena kuposa, amene sanachite bwino pa malikisi oyambirirawo, amaikidwa pambali osakambidwa n'komwe. Otsalawo amakambidwa kwa mphindi zochepa chabe lililonse.

Ndiye kuti mukulembera munthu wotopa, amene mwina si katswiri weniweni wa kagawo kanu, koma adzayenera kufotokozera anzake za ntchito yanu inu kulibe. Ngati sangathe kunena m'ziganizo zitatu chimene mukufuna kuchita, chifukwa chake n'chofunika, ndi chimene chikumukhutiritsa kuti mungachikwanitse, sangakuimireni ngakhale atafuna. Zonse zimene zili m'munsimu zikuchokera pamenepa.

Ndingadziwe bwanji bungwe loyenera kulipempha?

Werengani chikalata choitanira mapempho kawiri. Ulendo woyamba muone zinthu zimene zingakutsekereni khomo: dziko limene bungwe lanu lili, zaka zimene zapita chitengereni digiri ya PhD, mtundu wa kontrakiti yanu, malire a ndalama ndi zaka. Mwachitsanzo, thandizo la ofufuza oyamba kumene la European Research Council, bungwe la European Union lopereka ndalama za kafukufuku, lotchedwa Starting Grant, limafika mayuro 1.5 miliyoni kwa zaka 5, ndipo kwa zaka zambiri linkalandira okhawo amene padutsa zaka 2 mpaka 7 chitengereni PhD. Mu Horizon Europe, pulogalamu ya kafukufuku ya European Union, mapulojekiti ambiri a mgwirizano amafuna mabungwe osachepera atatu ochokera m'mayiko atatu osiyana a European Union kapena ogwirizana ndi pulogalamuyo. Lamulo lotere mukaphonya, palibe amene adzawerenge maganizo anu.

Ulendo wachiwiri mulembe mzere pansi pa mawu ofotokoza zimene ounika adzayang'ane. National Science Foundation ya ku America imaunika pa mfundo ziwiri: kulemera kwa maganizo a sayansi, ndi phindu lake kwa anthu ambiri. Horizon Europe imaunika zitatu, luso la ntchitoyo, zotsatira zake, ndi kayendetsedwe kake. Gawo lililonse limapatsidwa malikisi 0 mpaka 5, ndipo nthawi zambiri pamafunika osachepera 3 pa gawo lililonse komanso 10 mukaphatikiza onse. European Research Council imayang'ana luso lokha basi. Lingaliro limodzi lomwelo liyenera kulembedwa mosiyana kwa mabungwe atatuwa.

Pomaliza, onani mndandanda wa ntchito zimene bungwelo lapereka ndalama m'zaka zitatu zapitazi. Mabungwe ambiri amauika pa intaneti. Mndandandawu umakuuzani zimene amakonda kuposa mawu a m'chikalata chawo.

Kodi n'kololedwa kulankhula ndi a bungwelo ndisanalembe?

Inde, ndipo safunsa anadya phula. Mabungwe ambiri ali ndi ofesala wa pulogalamu amene ntchito yake ndi yomweyo. Mutumizireni imelo yaifupi yokhala ndi tsamba limodzi la zolinga zanu, ndipo mufunse funso lenileni: kodi ntchitoyi ikugwa m'gawo limene mwaitanira, kapena ikuyenera pulogalamu ina? Musamufunse ngati mudzapambana, sangayankhe zimenezo. Chitani izi kudakali miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa sabata lomaliza amalandira maimelo ochuluka kwambiri.

Ndiyambe kulemba liti?

Pempho lalikulu limafuna miyezi 4 mpaka 6. Kulemba kwenikweniko sikutenga nthawi yonseyi; chimadya masiku ndi zinthu zodalira anthu ena. Makalata a ogwira nawo ntchito amachedwa. Mitengo ya zida muyenera kuifunsa kwa ogulitsa. Bungwe limene silinapemphepo ndalama ku boma la America liyenera kulembetsa kaye pa masamba a pa intaneti a bomalo otchedwa SAM.gov, Grants.gov ndi eRA Commons, ndipo zimenezi zimatha masabata 6 kapena kuposa. Komanso pempho silituluka m'dzina lanu, limatuluka m'dzina la yunivesite kapena bungwe lanu, ndiye ofesi yoona za kafukufuku imafuna kulilandira kudakali masiku angapo a ntchito kuti ione bajeti ndi kusayina.

Werengani chobwerera kuchokera pa tsiku lomaliza. Mwezi wathunthu lisanafike, pempho lonse likhale litalembedwa koyamba ndipo lili m'manja mwa anthu awiri: katswiri wa gawo lanu, ndi wofufuza wa gawo lina. Wachiwiriyu ndi wofunika kwambiri, pakuti ndiye akufanana ndi anthu ambiri a m'komiti. Tumizani kutatsala masiku awiri. Samalaninso ola: NIH imatseka 5 koloko madzulo pa nthawi ya komwe kuli bungwe lopemphalo, pamene Horizon Europe imatseka 5 koloko ya ku Brussels.

N'chiyani chiyenera kukhala pa tsamba loyamba?

Tsamba limeneli ndilo lokha limene aliyense wa m'komiti adzaliwerenge, choncho lilembeni poyamba ndipo mudzalikonzenso pomaliza. Ku NIH tsamba la zolinga ndi limodzi ndendende, ngakhale pempho la R01, thandizo lalikulu lodziwika kwambiri la NIH, limene gawo lake la ndondomeko ya kafukufuku limafika masamba 12.

Ndime yoyamba inene vuto, ndipo ifike msanga pa chimene sichikudziwika. Ofufuza ambiri amawononga theka la tsamba kufotokoza kuti malungo amapha anthu kapena kuti nyengo ikusintha. Wounikayo akudziwa kale. Chimene sakudziwa n'chakuti ndi funso liti lenileni limene lakanika kuyankhidwa, ndipo lakanika chifukwa chiyani. Kunena kuti "palibe amene anafufuzapo nkhaniyi" si chifukwa chokwanira. Pali zinthu zambirimbiri zimene sizinafufuzidwe chifukwa zilibe ntchito. Nenani chimene chaima chifukwa chosowa yankholo: madokotala sakudziwa kuti asankhe mankhwala ati, mainjiniya sangathe kuwerengera kulimba kwa chinthu chakuti, mfundo ziwiri zotsutsana zikusowa woweruza.

Ndime yachiwiri inene chimene inu mukuganiza kuti ndilo yankho, ndi chimene chasintha kuti funsoli liyankhike tsopano: chida chatsopano, deta imene kale kunalibe, zotsatira zanu zoyambirira. Kenako zolinga, chilichonse ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri zofotokoza njira. Pomaliza, chimene chidzakhale m'manja mwa anthu ntchito ikatha.

George Heilmeier, amene anatsogolera DARPA, bungwe la boma la America lopereka ndalama za kafukufuku wa zachitetezo, kuyambira 1975 mpaka 1977, ankafunsa aliyense wopempha ndalama mafunso amene mpaka pano ndi muyezo wabwino wa tsambali. Mukufuna kuchita chiyani, mutanena popanda mawu ovuta a ukatswiri? Panopa zimachitika bwanji, ndipo njirayo ikulephera pati? Chatsopano mwa inu n'chiyani? Zikatheka, apindule ndani? Choopsa chili pati? Zidya ndalama zingati ndi nthawi yaitali bwanji? Tidzadziwa bwanji, pakati ndi pamapeto, kuti zikuyenda? Funso limene mukulephera kuliyankha pakamwa, dziwani kuti m'pempho mwanunso mulibe yankho lake.

Zolinga zikhale zingati?

Ziwiri kapena zitatu pa ntchito ya zaka 3 mpaka 5. Zikafika zisanu, ounika amalemba kuti wopemphayo wadzikundikira ntchito yoposa mphamvu zake, ndipo dandaulo limeneli limagwera kwambiri ofufuza atsopano.

Cholakwa chachikulu kuposa kuchuluka ndi zolinga zoberekana. Tinene kuti cholinga choyamba n'kupeza jini imene imachititsa kuti kachilombo kasamve mankhwala, chachiwiri n'kuona momwe jiniyo imagwirira ntchito, chachitatu n'kuyesa mankhwala oitseka. Jiniyo ikapanda kupezeka, zaka zinayi zotsalazo mudzachita chiyani? Wounika amaona zimenezi nthawi yomweyo. Zolinga zigwirizane, koma chilichonse chithe kubala zotsatira pachokha. Ngati kuberekanako n'kosapeweka, sonyezani ndi zotsatira zoyambirira kuti sitepe yoyambayo yatsala pang'ono kutheka.

Mawu oyambira cholinga nawonso ali ndi kanthu. "Kufufuza za", "kuona mbali zosiyanasiyana za" ndi "kumvetsa bwino" ndi mawu opanda mathero. Palibe tsiku limene mungati ntchito yatha. "Kuyeza ngati", "kuyerekeza chakuti ndi chakuti", "kuwerengera kuchuluka kwa" ali ndi pothera.

Gawo la njira za kafukufuku lizame mpaka pati?

Apa ndi pamene mapempho ambiri abwino amagwera. Lingaliro limakopa wounika, koma malikisi amatsika akaona kuti njira siingayankhe funso lomwe lafunsidwa. Pa cholinga chilichonse nenani chimene mudzachite, pa anthu kapena zinthu zingati, mudzayeza chiyani, mudzayerekeza ndi chiyani, deta mudzaisanthula motani, ndipo zotsatira zikabwera mwakuti kapena mwakuti zidzatanthauza chiyani. Mbali yomalizayi ambiri amaidumpha. Ngati zotsatira zilizonse zingagwirizane ndi maganizo anu, ndiye kuti simukuyesa kanthu.

Chiwerengero cha otenga nawo mbali chisakhale chongotola. Sonyezani masamu ake. Poyerekeza magulu awiri, ngati kusiyana kumene mukuyembekezera kuli theka la standard deviation (muyezo wa momwe manambala amamwazikira), ndipo mukufuna mwayi wa 80 peresenti wokupeza kusiyanako ngati kulipodi, polola mwayi wa 5 peresenti woona kusiyana kumene kulibe, pamafunika anthu 64 m'gulu lililonse. Kusiyanako kukachepa ndi theka, chiwerengero sichiwirikiza kawiri koma pafupifupi kanayi, kupitirira 250 pa gulu. N'chifukwa chake wounika amafunsa kuti kusiyana kumene mwasankhako mwakutenga kuti. Anthu ena amasiyira panjira: mukayembekezera kutaya 20 peresenti, gawani 64 ndi 0.8, mupeza 80 pa gulu, ndiye 160 m'magulu onse awiri. Ndipo ngati mukusankha magulu athunthu, monga sukulu kapena zipatala, m'malo mwa munthu mmodzimmodzi, anthu a gulu limodzi amafanana ndipo chiwerengero chiyenera kukwera. Magulu a anthu 30 okhala ndi kufanana kwa 0.05 amachulukitsa chiwerengero ndi 2.45, kotero anthu 160 aja amasanduka 392. Woiwala masamu amenewa bajeti yake imaperewera kuposa theka.

Kenako sonyezani kuti anthuwo adzapezeka. Louis Lasagna, dokotala wa ku America wodziwa za mankhwala, amakumbukiridwa ndi mawu akuti odwala amene ofufuza amati alipo ambiri amasowa kafukufuku akangoyamba. Werengani moona mtima. Chipatala chikamalandira odwala 40 a matendawo pa mwezi, theka n'kukhala oyenerera, ndipo 60 pa 100 alionse n'kuvomera, mukupeza anthu 12 pa mwezi. Kuti mufike 320 pafunika miyezi 27. Ndondomeko yanu ya nthawi ikanena miyezi 12, wounika wodziwa ntchito asiya kukhulupirira manambala ena onse a m'pemphomo.

Kafukufuku wofunsa anthu mozama nayenso amafuna zifukwa: mwasankha anthu amenewa bwanji, mudzadziwa bwanji kuti mwafunsa okwanira, adzasanthule mayankho ndani ndipo akasiyana maganizo adzatani.

Ndilibe zotsatira zoyambirira. Ndisiye?

Ayi, koma sankhani khomo loyenera. Zotsatira zoyambirira zimagwira ntchito ziwiri: kusonyeza kuti lingaliro lili ndi maziko, ndi kusonyeza kuti manja anu amaidziwa njirayo. Yoyambayo mungaikwaniritse ndi zimene ena anasindikiza kale kapena posanthulanso deta yopezeka poyera. Yachiwiriyo mungaikwaniritse pobweretsa mnzanu amene njirayo anaigwiritsapo ntchito, ndi kalata yake yonena zimene adzachite.

Palinso thandizo lopangidwira malingaliro osayesedwa. R21 ya NIH ndi ya zaka 2, ndalama zake sizipitirira madola 275,000 pa ntchito yeniyeniyo, ndipo siikakamiza zotsatira zoyambirira. R03 ndi yaing'ono kuposa apo, madola 50,000 pa chaka. Gates Foundation, mu pulogalamu yake ya Grand Challenges Explorations, inkapereka madola 100,000 pa pempho la masamba awiri okha, ounika osaona dzina la wopempha. Thandizo laling'ono lotere ndilo limabala deta ya pempho lalikulu.

Kodi ndibise malo ofooka a ntchito yanga?

Musabise. Wounika adzawapeza ndithu, ndipo akawapeza yekha amaganiza kuti inu simunawaone. Pansi pa cholinga chilichonse ikani kandime konena chimene chingavute ndi chimene mudzachite chikavuta. Chikhale chenicheni: "ngati pofika mwezi wa 6 talemba anthu osakwana 60, tidzatsegula malo achitatu, ndipo kalata yawo yovomera taiphatikiza." Kulemba kuti "sitikuyembekezera vuto lililonse" kumaononga chikhulupiriro kuposa vutolo.

Bajeti ndiikonze bwanji?

Bajeti ndi njira zanu zomwe zija, zolembedwa m'manambala. Tengani gawo la njira, mudutse chiganizo ndi chiganizo, ndipo pa chochita chilichonse mufunse: achite ndani, masiku angati, ndi zida ziti? Mukalonjeza kufunsa anthu 40 kwa ola limodzi aliyense, kumbukirani kuti kutayipa zokambirana za ola limodzi kumatenga maola 4 mpaka 6, ndiye pakufunika maola 160 mpaka 240 a munthu wolipidwa. Mukalonjeza kusunga magazi kwa zaka 5, payenera kuoneka firiji yozizira madigiri 80 pansi pa ziro, magetsi ake, ndi chochita magetsi akazima. Chinthu chopezeka m'njira koma chosowa m'bajeti chimasonyeza kusakonzeka. Chopezeka m'bajeti koma chosowa m'njira chimadulidwa.

Malipiro a anthu ndiwo nthawi zambiri amatenga gawo lalikulu. Amawerengedwa ndi nthawi imene munthu adzapereke: 20 peresenti ya chaka ndi miyezi 2.4. Onjezani zimene olemba ntchito amalipira pamwamba pa malipiro, monga penshoni ndi inshuwalansi, komanso kukwera kwa malipiro chaka ndi chaka. Mtsogoleri wa kafukufuku akadzilembera 5 peresenti yokha pa ntchito yaikulu, ounika amafunsa kuti kodi adzaiyendetsa ndani.

Zimene zimaiwalika kawirikawiri ndi izi: ndalama zolipira komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, kumasulira mafomu, msonkho ndi mtengo wotumizira zida kuchokera kunja, kukonzetsa makina, malo osungira deta, kulipira magazini kuti nkhani yanu iwerengedwe mwaulere, owerengera ndalama ochokera kunja kwa bungwe, ndi kukwera mitengo kwa zinthu m'zaka zapatsogolo. Ngati mudzalandire ndalama za dziko lina n'kugwiritsa ntchito za dziko lanu, lembani mlingo wosinthira umene mwagwiritsa ntchito ndi tsiku lake, ndipo funsani kuti mlingowo ukasintha kuperewerako adzasenze ndani. Mabungwe ambiri sawonjezera kanthu.

Chikalata chofotokoza bajeti musachipeputse. "Maulendo: madola 12,000" sichinena kanthu. Lembani kuti ndi maulendo angati, a anthu angati, opita kuti, masiku angati, ndipo akuthandiza cholinga chiti.

Nanga ndalama zoyendetsera bungwe zimawerengedwa bwanji?

Izi ndi ndalama zimene yunivesite imatenga pa zinthu zimene sizingawerengeredwe pulojekiti imodzi yokha: nyumba, madzi, laibulale, ofesi ya zachuma. Bungwe lililonse lili ndi lamulo lake. Horizon Europe imapereka 25 peresenti. NIH imapereka 8 peresenti kwa mabungwe a kunja kwa America. Gates Foundation imalola mpaka 10 peresenti kwa mayunivesite a ku America ndi mpaka 15 peresenti kwa a mayiko ena. UK Research and Innovation ya ku Britain imachita mosiyana: mumawerengera mtengo wonse wa ntchitoyo, iwo n'kulipira 80 peresenti, yotsalayo yunivesite ipeze yokha.

Funso loyenera kufunsa msanga ndi lakuti kodi malire a ndalama akuphatikiza gawoli kapena ayi. Malire akakhala madola 200,000 kuphatikiza 15 peresenti ya bungwe, ndalama za ntchito yeniyeni si 200,000, komanso si 170,000. Gawani 200,000 ndi 1.15, mupeza pafupifupi 173,900. Ofufuza ambiri amazindikira izi kutatsala masiku atatu, n'kuyamba kudula ntchito mothamanga, ndipo njira ndi bajeti zimasiya kugwirizana.

Kodi kupempha ndalama zochepa kumaonjezera mwayi?

Nthawi zambiri ayi. M'makomiti ambiri bajeti imakambidwa malikisi a sayansi ataperekedwa kale. Bajeti yoperewera imasonyeza kuti simukudziwa mtengo wa ntchito yanu, ndipo mukapambana mudzasenza lonjezo limene ndalama zake palibe. Ngati ndalama zololedwa n'zochepa, chepetsani zolinga.

Mbiri yanga ya ntchito ndi yaifupi. Ndiilembe bwanji?

Wounika sakufuna mndandanda wa zonse zimene munachitapo. Akufuna kudziwa ngati gulu ili lingachite ntchito iyi. Sankhani nkhani zosindikizidwa zochepa zogwirizana ndi pempholi, ndipo pa iliyonse nenani chimene inuyo munachita ndi chimene chinasintha chifukwa cha icho. Mabungwe ambiri anasayina chikalata cha DORA cha ku San Francisco cha 2012, chimene chimaletsa kuweruza wofufuza potengera kutchuka kwa magazini imene anasindikizamo. UK Research and Innovation tsopano imafuna CV yofotokoza m'ndime, momwe mungatchulemo kuphunzitsa ena, mapulogalamu a kompyuta amene munalemba, ndi deta imene munagawana ndi anzanu. Ngati munaima ntchito chifukwa cha uchembere, matenda kapena kusamalira wodwala, nenani. Mabungwe ambiri amachotsera nthawiyo. Khalaninso ndi nambala ya ORCID yozindikiritsa wofufuza aliyense, ija ya manambala 16, pakuti mafomu ambiri amaifuna.

Mutu umodzi susenza denga, komabe dzina lililonse la m'gulu likhale ndi ntchito yooneka m'njira ndi m'bajeti. Pulofesa wotchuka wopanda chochita saonjezera malikisi. Koma kusowa kwa katswiri wa ziwerengero pa ntchito yodalira masamu ovuta kumachotsa. Pa mgwirizano wa mayiko angapo, ounika masiku ano amayang'ananso chilungamo: ndalama zagawidwa bwanji, funso analipanga ndani, deta idzasungidwa kuti, ndipo mayina pa zosindikiza adzayalidwa motani. Kambiranani zimenezi musanatumize.

Za chilolezo ndi kasungidwe ka deta ndilembe zotani?

Mabungwe ambiri safuna kuti chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali chikhale chitatuluka pa tsiku lotumiza, koma ndalama satulutsa chisanabwere. Ikani miyezi yodikira chilolezo m'ndondomeko ya nthawi. Ntchito ya m'mayiko angapo imafuna chilolezo m'dziko lililonse. Fotokozani momwe anthu adzavomerere, choopsa chimene angakumane nacho, ndi momwe mudzatetezere ana kapena ena osatha kudziteteza, motsatira mfundo za Declaration of Helsinki ya 1964, imene inakonzedwanso mu 2024. Kafukufuku woyesa mankhwala kapena chithandizo pa anthu ayenera kulembetsedwa m'kaundula wapoyera, monga ClinicalTrials.gov, munthu woyamba asanalowe, apo ayi magazini akuluakulu a zachipatala adzakana zotsatira zake. Zomera, tizilombo kapena zamoyo zina zikamatuluka m'dziko, onani zimene Nagoya Protocol, pangano la mayiko limene linayamba kugwira ntchito mu 2014, likufuna.

Kuyambira pa 25 January 2023, NIH imafuna ndondomeko ya kasamalidwe ndi kagawidwe ka deta, ndipo mabungwe a ku Ulaya amafunanso zofanana. Nenani mtundu wa deta, kukula kwake, nkhokwe yeniyeni imene mudzaiikemo, nthawi imene idzatsegulidwe, ndi momwe mudzachotsere zozindikiritsa anthu. Fomu yovomera ikhale yogwirizana ndi lonjezoli. Simungagawe deta imene eni ake sanavomere kuti igawidwe.

Kodi ndingagwiritse ntchito AI polemba?

Onani lamulo la bungwelo, chifukwa ena amafuna kuti munene ngati mwatero. Mu 2025 NIH inalengeza kuti pempho limene mbali yake yaikulu yalembedwa ndi AI silidzatengedwa ngati maganizo a wopemphayo, ndipo inaika malire a mapempho 6 pa chaka kwa mtsogoleri mmodzi. Kukonzetsa galamala ndi nkhani ina. Choopsa chenicheni n'chakuti mapulogalamuwa amatha kupeka maumboni a nkhani zimene sizinasindikizidwepo, ndipo wounika akapeza umodzi wokha wotere, pempho lonse lathera pomwepo. Amalembanso ziganizo zosalala zosanena kanthu kenikeni, zimene wounika sangazigwiritse ntchito pokuimirani. Maganizo anu osasindikizidwa musawaike m'pulogalamu imene simukudziwa kuti imasunga zotani.

N'chifukwa chiyani mapempho ena amabwezedwa osawerengedwa?

Chifukwa cha malamulo a kalembedwe. NIH imafuna zilembo zosachepera mapointi 11 ndi mpata wa theka la inchi m'mphepete mwa tsamba. National Science Foundation imalola masamba 15 ofotokoza ntchito, ndipo imabweza pempho limene chidule chake sichinafotokoze padera mfundo zake ziwiri zija. Ku Horizon Europe masamba opitirira malire amabisidwa, ounika sawaona. Siginecha yosowa, kalata yoiwalika, fomu ya chaka chatha, zonsezi zimagwetsa ntchito ya miyezi isanu. Lembani mndandanda wa zofunika kuchokera m'chikalata choitanira, ndipo munthu wina amene sanalembe nawo achonge chimodzichimodzi.

Malire a masamba asakuchititseni kudzaza malo onse. Mitu yooneka, mipata pakati pa ndime, chithunzi chimodzi chosonyeza momwe zolinga zikulumikizirana, ndi tebulo la nthawi zimathandiza maso otopa. Mawu ofupikitsa achepe. Mukapitirira asanu kapena asanu ndi limodzi a inu nokha, wowerenga amayamba kubwerera m'mbuyo kukafufuza tanthauzo.

Andikana. Nditani tsopano?

Kukanidwa n'kofala kwambiri pa ntchito imeneyi. Pa R01 ya NIH, kwa zaka zambiri pempho limodzi mwa asanu ndilo linkalandira ndalama, ndipo ku European Research Council mwayi ndi wochepa kuposa apo. Pakati pa mapempho abwino ofanana mphamvu, kusiyana kwa malikisi kumakhala kochepa moti mabungwe ena anavomereza poyera kuti komiti siingathe kuwasiyanitsa. Health Research Council ya ku New Zealand inayamba kuchita maere pa thandizo lake lina mu 2013, ndipo Swiss National Science Foundation ndi British Academy nawonso agwiritsapo ntchito maere pa mapempho amene adutsa muyezo.

Werengani ndemanga za ounika, muzisiye masiku angapo, kenako muzigawe patatu. Pali zonena kuti funso lenilenilo si lofunika. Izi n'zolemera, ndipo kukonza ziganizo sikungathandize, pafunika kusintha funso kapena kupita ku bungwe lina. Pali zonena kuti njira ili ndi vuto. Izi zimakonzeka, ndipo nthawi zambiri zimasonyeza kuti ounika analikonda lingalirolo. Ndiye pali pamene wounika sanamvetse. Apa mtima umafuna kumuimba mlandu, koma ngati katswiri wawerenga n'kusokera, bwererani pa ndimeyo muone chimene chinamusocheretsa. Dandaulo limene latuluka kwa ounika awiri kapena atatu liyambe kukonzedwa. Mukatero pemphani kulankhula ndi ofesala wa pulogalamu, amene nthawi zambiri amakhala atamva zokambirana za komiti ndipo angakuuzeni dandaulo limene linalemera koposa.

Malamulo obwereza amasiyana. NIH imalola kutumizanso kamodzi pasanathe miyezi 37, ndi tsamba limodzi loyankha ndemanga. European Research Council yakhala ikuimitsa kwa chaka chimodzi kapena ziwiri amene apeza malikisi otsika pa gawo loyamba la kuunika. Mabungwe ena salola kubwereza pokhapokha atakuitanani. Pa tsamba loyankhalo, tchulani dandaulo lililonse lalikulu, chimene mwasintha, ndi gawo limene kusinthako kuli. Pamene simukugwirizana ndi wounika, nenani mwaulemu ndipo muikepo umboni, makamaka deta yatsopano imene mwapeza m'miyezi yodikirayo. Komiti yachiwiri ikhoza kukhala ndi anthu ena, choncho pempho lokonzedwalo liyenera kumveka ngakhale kwa munthu amene loyamba lija sanalione.